Agogo a Zuze ndi Malonda Aulere

Lachinayi

Tinaika agogo a Zuze Lolemba. Lero m'pamene pakhomo pakhala zii. Achibale a ku Zobue abwerera kwawo, mphasa zobwereka tabweza, ndipo mayi anena kuti mawa ndipite kusukulu. Ndatenga kope langa kuti ndilembe za agogo ndisanayambe kuiwala, komanso chifukwa ndikangokhala osachita kanthu mtima ukumandigunda.

Kumanda mkulu wa mpingo ananena kuti mudzi wataya munthu wolimba mtima. Mayi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Tonse pabanja pathu tikudziwa kuti agogo a Zuze anali munthu wamantha kuposa wina aliyense.

Iwo anali amalume awo a mayi anga. Ine ndinkawatcha agogo, iwo ankanditcha "mkazi wanga" mocheza. Ankaopa mphezi, ankaopa jakisoni, ankaopa agalu a eni ngakhale omangidwa. Koma chimene ankaopa kwambiri ndi pepala lokhala ndi chidindo. Kalata yotero ikafika, ankaipsinja ndi mwala pakhonde n'kumaizungulira tsiku lonse ngati njoka. Anakulira kufupi ndi malire, ndipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anaona zinthu zimene sankafuna kutiuza. Ankangonena kuti munthu wa yunifolomu akakufunsa dzina, tsiku limenelo lawonongeka kale. Chodabwitsa n'chakuti mawu amene ankawakonda anali a Chipwitikizi akuti "kalima, kalima," kutanthauza kuti mtima m'malo. Anthu ankawayankha moseka kuti, "Tikalime kuti a Zuze, si talima kale?"

Chuma chawo chinali munda wa manachesi umene uli kuseri kwa nyumba yathu, potsetsereka kulowera kudambo. Malowo ndi a mbumba yathu, koma mitengo anabzala ndi iwo, ina mayi anga ali mtsikana, ina ine ndikukwawa. Manachesi amenewo ndi amene anafolera nyumba yathu ndi malata, ndi amenenso andifikitsa Fomu 3. Agogo sankalola munthu kugwedeza mtengo. Ankati nachesi amathyoledwa ndi dzanja, ndi katsamba kake kamodzi, kuti wogula ku Blantyre aone kuti ndi wadzulo. Ana tikadutsa m'mundamo sankatifunsa kanthu. Ankangotiuza kuti titambasule manja n'kutinunkhiza. Ine ndinagwidwapo kawiri.

Masana ankakhala ndi wailesi pakhutu. Anzawo ankadikira mpira ndi mauthenga a maliro, koma iwo ankadikira nkhani za misonkhano ya kunja, kumene mayiko amakakambirana za malonda a zokolola, za msonkho wa pamalire ndi zimene dziko lina lingagulitse kwa linzake. Anthu amene boma limatuma kumisonkhanoyo agogo ankawatcha ankhoswe athu. Ankati pa ukwati wolongosoka nkhoswe imayamba yakhala pansi ndi eni mwana, kumva zimene akufuna ndi zimene sangalole, ndipo ikabwerako imafotokoza zonse, zokoma ndi zowawa. Ndiye ankafunsa kuti ankhoswe athuwa, amene sanapondepo m'munda wa manachesi, amakanena zotani kumeneko. Tsiku lina anamva kuti mayiko olemera nthawi zina amayamba agwirizana okha m'kachipinda, osauka akudikira panja. Tsiku limenelo sanadye. Anati ukwati umene ankhoswe a mbali imodzi atsekeredwa kunja, kumeneko n'kuba mwana.

Wokangana naye wawo anali a Mofati, amene amabwera ndi pikapu kudzagula manachesi okagulitsa m'tauni.

"Mdala, za kunja zikukukhudzani bwanji inu? Mudapitako?" a Mofati ankawaputa choncho.

"Sindidapiteko. Koma malalanje aakulu onyezimira ali m'magolosale a ku Blantyre aja adagwa kumwamba? Adadutsa pamphuno pathu pompa, pa boda."

"Ndiye pitani mukawauze asiye kulima."

"Ine ndikufuna mpando, Mofati. Mpando umodzi wokha, pakhale mlimi."

"Pakhale inuyo? Inu mungakomoke asanatsegule n'komwe ndi pemphero."

Agogo sankatsutsa. Ankati n'zoona angakomoke, koma akatsitsimuka angafunse.

M'zaka zinayi zapitazi, kuno kwa Kanduku kunalibe msonkhano wa alimi umene unatha agogo asanaimirire. Funso lawo linali lomwelomwelo, lakuti mawu amene mwanenawo m'Chichewa akutanthauza chiyani, ndipo nenaninso. Mpaka anthu anawapatsa dzina loti a Nenaninso. Alendo ankaganiza kuti ndi mdala wamakani. Sankadziwa kumene khalidwe limeneli linachokera. Linayamba chaka chimene ine ndinali Sitandade 7.

Inali nthawi ya mvula, manachesi akadali obiriwira, olimba ngati miyala. Kunabwera anthu awiri a ku likulu pa galimoto yoyera kudzauza alimi za mgwirizano umene mayiko ankakambirana. Ine ndinali kusukulu, zimene zinachitika ndinamva kwa mayi. Anthu anasonkhana pabwalo la tchalitchi. Agogo anakhala kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi njira. Bwana wamkulu analankhula Chingerezi, mnzakeyo akumasulira, ndipo zinkaoneka kuti Chichewa anachita kuphunzirira kuntchito. Womasulirayo anati, "Mayiko akagwirizana, malonda a zokolola adzakhala aulere. Chimanga, mtedza, zipatso, zonse zizidzadutsa pamalire mwaulere."

Mvula inayamba kudontha. Alendo anati ali ndi msonkhano wina, n'kukwera galimoto yawo. Palibe amene anafunsa funso. Agogo anadzandiuza kuti funso linali pakamwa, koma anaopa kuimirira.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti manachesi azitengedwa ulere. Pofika Lamulungu nkhaniyo inali itakula. Ankati kudzabwera malole a ku Tete ndi ku Joni, asilikali ali pamwamba, adzathyola okha, ndipo wokana adzamangidwa. Mantha a sabata imeneyo sindidzawaiwala. Lole ikalira kumsewu waukulu, amayi pamjigo ankasiya kulankhula mpaka phokoso lithe. Mayi wina anafunsa m'tchalitchi ngati mbuzi nazonso zili m'gulu la zaulere, ndipo palibe amene anaseka. Ine ndikamachokera kusukulu ndinkathamanga, poopa kukapeza asilikali ali m'munda, mayi atawatenga.

A Mofati sananene kuti n'zoona, sananenenso kuti ndi bodza. Ankangoyenda ndi pikapu yawo n'kumati, "Gulitsani akadali anu." Anthu anathyola manachesi osapsa. Kenaka wina anaganiza kuti zipatso akhoza kutenga ulere, koma makala ayi, popeza makala sanatchulidwe pamsonkhano paja. Nkhwangwa zinayamba kumveka kutsidya kwa dambo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Lachitatu m'mawa kunabwera amalume a Filipo, achimwene awo a mayi anga, nkhwangwa ili paphewa. Ndi iwo oyenera kulowa m'malo mwa agogo poyang'anira mbumba yathu. Anapeza agogo atakhala pansi, msana atatsamira mtengo woyamba m'munda wa manachesi.

"Atsibweni, chokanipo pamenepo."

"Kalima, Filipo."

"Kalima wa chiyani? Mukufuna tizilimira anthu a ku Joni? Anzathu onse akudula. Tikachedwa, ngakhale makalawo asowa wogula."

"Amene ananena kuti aulere uja, unamufunsa kuti aulere kwa ndani?"

"Nanga inu munamufunsa? Si munali pomwepo inu, mutabisala kumbuyo kwa azimayi?"

Agogo anati, "Undipatse mpaka Lachisanu dzuwa lili paliwombo. Ndikafunse ku boma."

Amalume anaseka mpaka kutsitsa nkhwangwa. "Inuyo? Ku ofesi? Chabwino. Koma Lachisanu likangofika paliwombo, ine ndiyamba ndi womwe mwatsamirawu."

Za ulendowo agogo ankatiuza kawirikawiri, ndipo sankabisa malo ochititsa manyazi. Ananyamuka Lachinayi mbandakucha pa njinga. Anafika ku Mwanza boma dzuwa lisanakwere, napeza ofesi yoona za malonda. Koma pageti panali mlonda wa yunifolomu. Anadutsa pagetipo ngati akupita kumsika. Anabwerera, n'kudutsanso. Tsiku lonse linathera pansi pa mtengo tsidya lina la msewu, akuyang'ana anthu akulowa ndi kutuluka, mpaka maofesi anatsekedwa. Anakagona kwa msuweni wawo osamuuza chimene abwerera.

Lachisanu m'mawa anakakhalanso pansi pa mtengo womwe uja. Mlondayo anawoloka msewu. "Madala, dzulo tsiku lonse munali pano. Dzina lanu ndani?"

Agogo ankati atamva funso limenelo anadziwa kuti tsiku lawonongeka kale, ndiye panalibenso chopulumutsa. Anatchula dzina, n'kulowa.

Anawatengera kwa mayi wina wa ku mpoto amene ankagwira ntchito mu ofesimo. Agogo anavula chipewa, nakana mpando, n'kufotokoza ataimirira. Mayiyo poyamba anaseka. Atamva kuti mitengo ikudulidwa, anasiya kuseka.

"Bambo, wanena zimenezi ndani?"

"Anzanu a galimoto yoyera, mayi."

Mayiyo anagwira kumutu. "Liwu la Chingerezi limene ananenalo ndi fulii. Pali fulii wa chinthu chaulere, palinso fulii wa ufulu. Iwo amanena wachiwiriyu. Palibe amene adzatenge nachesi wanu osalipira. Akutanthauza kuti katundu azidutsa pa boda popanda msonkho."

Agogo ankati anangokhala pa simenti. Mayiyo anawapatsa madzi. Akanatha kunyamuka pomwepo, ndipo akananyamuka bwenzi atafika nthawi yabwino. Koma funso lina linabwera lokha.

"Popanda msonkhopo, ndi athu okha potuluka, kapena ndi awo omwe polowa?"

"Onse, bambo."

"Ndiye malalanje onyezimira aja atsika mtengo."

"Zikhoza kutheka."

"Nanga athuwa kumeneko akawalandira?"

Mayiyo anawauza zoona. Anati mayiko ena amafuna chikalata chotsimikiza kuti zipatso zilibe tizilombo, amafuna zipatso zofanana kukula, zonyamulidwa m'galimoto yoziziritsa. Anatinso kwina alimi amathandizidwa kwambiri ndi maboma awo, choncho akhoza kugulitsa motchipa osaluza. Agogo anafunsa kumene chikalatacho chimapezeka. Mayiyo anati kuno ayi.

"Ndiye ufuluwo ndi wa ndani, mayi?"

"Funso limenelo ndi limene anthu athu amayenera kupita nalo kumisonkhanoko. Koma athu amapita ochepa, anzawo amabwera chigulu, aliyense ndi mbali yake. Ndipo kunena zoona, bambo, inu sitikufunsani mokwanira."

Pamenepo agogo anachita chinthu chimene mpaka lero mayi sachimvetsa. Anapempha mayiyo kuti alembe zonsezo m'Chichewa, adindepo chidindo. Ankadziwa kuti mawu a Zuze wamantha palibe angawakhulupirire. Pepalalo analipinda n'kuliika m'malaya, pakhungu penipeni, ndipo ankati linkawaotcha njira yonse.

Pamene ankatuluka, dzuwa linali litakwera kale. Njira ya kwathu ndi yamapiri, ndipo nthawi imeneyo inali matope okhaokha. Ali pakati tcheni chinaduka.

Kunyumba kuno dzuwa linafika paliwombo. Mayi anagwada pamaso pa achimwene awo kupempha kuti adikire pang'ono. Amalume anati atsibweni athawa, mwina ali ku Zobue. Sanali okwiya. Nawonso ankaopa, maso ali kumsewu. Mtengo woyamba utagwa, manachesi osapsa anamwazika mpaka pamapazi anga. Fungo lake linali lowawa, lolowa m'maso. Ndinatseka makutu koma nkhwangwa inkamvekabe.

Itagwa mitengo isanu ndi umodzi, tinaona munthu akutsika phiri akuthamanga, njinga akukoka ndi dzanja limodzi, dzanja lina lili m'mwamba ndi pepala. Kukamwa kunali yasa koma mawu osatuluka. Anafika n'kugwa m'matope. Amalume anatenga pepalalo, naliwerenga kawiri. Kenaka anayang'ana mitengo ili pansi ija.

"Atsibweni, mwachedwa."

Agogo atapeza mpweya anati, "Si lero ayi. Ndinachedwa tsiku la msonkhano lija, pamene sindinaimirire."

Sanawadzudzulepo amalume pa nkhaniyi, ngakhale tsiku limodzi.

Lamulungu mapemphero atatha, agogo anaimirira kutsogolo kwa mpingo wonse, atagwira benchi kuti asagwe, pepala lija likuwerengedwa. Mbali yoyamba itamveka, amayi analulutira. Ena amene anadula minda yawo yonse analira. Agogo anati wowerengayo apitirize. Mbali yachiwiri, ya malalanje otchipa ndi chikalata chosapezeka, inazimitsa nthungululu zija. Bambo wina anakuwa kuti, "Ndiye mwangotisinthira mantha!" Ngakhale a Mofati, amene anali ndi chifukwa chokhalira chete, anawanong'oneza kuti akanangonena zabwinozo basi. Agogo anayankha kuti nkhoswe yobisa zowawa ndi imene yatifikitsa pamenepa. Anthu anabalalika akung'ung'udza. Koma Lolemba nkhwangwa sizinamvekenso.

Chitachitika chimenecho, agogo anavutitsa kalabu ya alimi mpaka inalemba kalata yopita ku likulu. Anapempha kuti opita kumisonkhano ya kunja aziyamba abwera kudzamva, asanasaine kanthu, osati atasaina kale. Womasulira akhale wa konkuno. Alimi asankhe mnzawo mmodzi apite nawo, ngakhale akangokhala pakhomo. Ndipo akabwerako adzanene chimene apereka, osangonena chimene alandira. A Mofati ankati kalatayo anakulungira zitumbuwa. Mwina n'zoona, chifukwa yankho silinabwere. Koma chaka chatha kunabweranso galimoto ya ku likulu, ndipo ulendo uno anabwera ndi mapepala a Chichewa. Asanayambe, mmodzi wa iwo anafunsa kuti, "A Zuze alipo?" Agogo anali kumbuyo kwa azimayi monga kale. Anaimirira. Ine ndimakhulupirira kuti zinthu zikhoza kusintha, chifukwa tsiku limenelo ndinaona bwana akulemba m'kope zimene mlimi akunena.

Agogo anadwala chibayo masiku asanu. Jakisoni analola tsiku lachinayi, atatseka maso, atagwira dzanja la mayi. Anamwalira Loweruka m'mawa.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Pamaliro a Mofati ankauza anthu kuti chaka chino malalanje a kunja adzaza m'tauni, manachesi sakuyenda. Ndipo anthu atabwerako kumanda, ndinaona munthu wina wootcha makala ataima ndi amalume a Filipo kuseri kwa khitchini, akuloza kumunda. Ndinafunsa mayi. Anati ndi za akuluakulu, koma sanandiyang'ane.

Masana ano ndinatsikira kumundako. Chaka chilichonse agogo ndi amene ankalawa nachesi woyamba n'kunena kuti tiyambe kuthyola. Chaka chino anadwala asananene, ndiye palibe wakhudza mtengo. Nthambi zalemera mpaka zina zagunda pansi. Manachesi akugwa okha, mavu ndi nyerere zili pomwepo. Ndinapeza amalume ataima pakati pa mitengo, manja ali kumbuyo, akuyang'ana m'mwamba.

"Amalume, mudula?"

"Wamakala uja ndamuuza abwere Loweruka adzamve yankho."

"Yankho lake ndi lotani?"

"Ndikanakhala nalo bwenzi ndili pano, iwe?"

Nachesi anagwa kumbuyo kwathu, tonse awiri tinadzidzimuka. Amalume anamutola, namupukuta pa malaya, n'kusenda. Anatafuna pang'onopang'ono, nalavula njere m'dzanja.

"Apsa," anatero. "Kauze mayi ako atulutse madengu."

Za Loweruka sananene.

Pokwera kubwerera kunyumba ndinadzera kumtunda kwa munda, pamene pali kachulu kakang'ono. Pamenepo dothi ndi lolimba, loyera, losalala ngati lozira, chifukwa agogo ankakhalapo tsiku ndi tsiku. Kutsogolo kwake kuli timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinkakumba. Masamba ouma ayamba kale kudzazamo. Sindinakhalepo, ndinangoima pambali. Kuchokera pamenepo msewu wa ku boda umaoneka bwinobwino. Malole ankakwera phiri motsatizana, atakutidwa ndi matenti mpaka pansi, ndipo pachulupo panalibe wofunsa kuti anyamula chiyani.